Kulira kwa Magemu Akale: Mmene Kunkapangidwira ndi Kumene Mungapeze Zipangizo Zake



Makolo ambiri amene mukuwerenga nkhani ino mukuyikumbukira Brick Game, kagemu ka m'manja koyendera mabatire, komanso gemu ija yolumikiza ku wailesi ya kanema, yolowetsa katiriji pamwamba. Ena munasewerapo Snake pa foni ya Nokia. Zonsezi zinali ndi kaliridwe kake kosasokoneza: tiii, piii, krrr. Kaliridwe kameneka kali ndi dzina, amati chiptune, ndipo lero pali anthu ambiri amene amakapanga mwadala akamakonza magemu atsopano. Ophunzira amene amakonda kompyuta amaganiza kuti ntchito yotere imafuna kiyibodi yodula ndi situdiyo. Zoona zake n'zakuti zambiri zofunika ndi zaulere, ndipo wophunzira wa ku Chileka kapena ku Lirangwe akhoza kuyamba ndi foni imene ili kale pakhomo.

Kulira kumeneku kumachokera kuti?

A Fomu 3 ndi 4 mukudziwa kuchokera ku Physics kuti mawu ndi mafunde oyenda mu mpweya. Sipika ikamanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi, khutu limamva liwu limene oimba amalitcha A. Ikanjenjemera ka 880, liwu limakhala lomwelo koma lokwera. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira cha m'ma 20 mpaka 20,000 pa sekondi. Synthesizer ndi chipangizo, kapena pulogalamu, chimene chimapanga mafunde amenewa ndi magetsi, osachita kujambula mawu a chinthu china.

Makina akale analibe malo osungira mawu ojambula. Nyimbo ya mphindi imodzi ya pa CD imadya pafupifupi 10 MB, pamene gemu yonse ya Super Mario Bros. ya mu 1985, zithunzi, malamulo ndi nyimbo zomwe, inali 40 KB basi. Ndiye kuti mphindi imodzi ija ndi yaikulu kuposa gemu yonseyo ka 250. Choncho opanga magemu sankasunga mawu enieniwo. Ankasunga malangizo okha: liwu lakuti, kwa nthawi yakuti, mokweza chakuti. Kachipangizo kakang'ono kotchedwa chip ndi kamene kankawerenga malangizowo n'kupanga kulira nthawi yomweyo.

Njira zisanu za Nintendo

Kampani ya Nintendo inatulutsa makina a Famicom ku Japan mu 1983, ndipo ku America anafika mu 1985 ndi dzina loti NES. Magemu ambiri otchipa a katiriji amene anafika kuno kwathu anali otengera makina amenewa. Chip yake, Ricoh 2A03, inali ndi njira zisanu zokha zotulutsira mawu, ndipo njira iliyonse imatulutsa liwu limodzi pa nthawi imodzi.

Njira ziwiri zoyamba zimapanga funde lotchedwa pulse. Apa magetsi amangoyaka ndi kuzima mofulumira, ngati munthu woseweretsa switchi. Chimene chimasintha kamvekedwe ndi gawo la nthawi imene magetsiwo ali oyaka. Likakhala theka, liwu limamveka lodzaza ngati la chitoliro. Likakhala gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, liwu limawonda n'kumamveka ngati la m'mphuno. Njira yachitatu imapanga funde la triangle, lofewa, limene ankaligwiritsa ntchito ngati besi. Yachinayi imapanga phokoso la shhh, longa la wailesi yosochera siteshoni, ndipo ukalidula mwachidule limamveka ngati ng'oma kapena kuphulika. Yachisanu inkatha kuseweretsa timawu tojambula tatifupi kwambiri.

Njira zochepa chonchi zinawaphunzitsa anthu nzeru. Pofuna kuti mawu atatu amveke pamodzi pa njira imodzi, ankawasinthanitsa mofulumira kwambiri, ngakhale ka 60 pa sekondi, mpaka khutu kumamva ngati akulira pamodzi. Kunjenjemera kuja kwa nyimbo za magemu akale kumachokera pamenepa. Pofuna liwu lobwereza ngati la m'phanga, ankaika liwu lomwelo pa njira yachiwiri, mochedwerako pang'ono ndi motsitsa. Koji Kondo, amene analemba nyimbo za Super Mario Bros., ankagwira ntchito m'malire omwewa.

Makina ena anali ndi mawu awoawo. Game Boy ya mu 1989 inali ndi njira zinayi. Kompyuta ya Commodore 64 ya mu 1982 inali ndi chip yotchedwa SID, yokonzedwa ndi Bob Yannes, ya njira zitatu. Sega Mega Drive ya mu 1988 inali ndi Yamaha YM2612, ya njira zisanu ndi imodzi, imene imalira ngati mabelu ndi zitsulo. Musanasake pulogalamu, yambani mwasankha makina amene mukufuna kutsanzira, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi makina ake.

Ngati muli ndi foni yokha

FamiStudio ndi yaulere ndipo imapezeka pa Google Play ya mafoni a Android. Imatsanzira chip ya Nintendo ija, ndipo mukaikopera kamodzi sifunanso bandulo. Mumajambula mawu ngati timizere pa sikirini: mzere wam'mwamba ndi liwu lokwera, mzere wautali ndi liwu lotalika. Ina yosavuta kwambiri ndi BeepBox, yolembedwa ndi John Nesky, imene imatseguka pa intaneti popanda kuiika mu foni. Chosangalatsa chake n'chakuti nyimbo yonse imasungidwa mu adiresi ya tsambalo, moti mukatumiza linki pa WhatsApp, mnzanu walandira ntchito yanu yonse.

Ngati mwapeza kompyuta

Apa mukumana ndi mapulogalamu otchedwa tracker. Amaoneka ngati tebulo la masamu: njira iliyonse ili ndi danga lake, ndipo mizere imayenda kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mumalemba C-4 kapena A-3 pa mzere umene mukufuna kuti liwu lilire. Manambala ake ndi a hexadecimal, ochokera pa 0 kufika pa F, pamene F akuimira 15. Amene zimakuvutani mu Computer Studies mudzaona kuti zikumveka msanga mukamamva ndi khutu kusiyana kwa 4 ndi F.

FamiTracker ndi ya Windows ndipo ndi ya mawu a Nintendo. Furnace ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imatsanzira makina ambiri, kuphatikizapo onse anayi amene tatchula. LMMS ndi situdiyo yathunthu yaulere, ndipo m'kati mwake muli kale Nescaline ya mawu a Nintendo, FreeBoy ya Game Boy ndi SID ya Commodore 64. Amene anazolowera kale mapulogalamu a situdiyo akhoza kuwonjezeramo Magical 8bit Plug, yaulere, yochokera ku gulu la YMCK la ku Japan. DefleMask ndi yabwino koma ndi yogula, ndipo woyamba kumene sakuifuna.

Ngati mukupanga gemu yanu mu Scratch ndipo mukungofuna kulira kwa kudumpha kapena kutola ndalama, sakani sfxr, imene Tomas Pettersson analemba mu 2007, kapena mbale wake Bfxr. Mumadina batani limodzi, kulira kwatuluka, n'kukusunga.

Mapulogalamuwa ndi aang'ono ndipo safuna kompyuta yamphamvu. FamiStudio, Furnace ndi LMMS ali ndi chilolezo choti muwagawane, choncho mmodzi akakopera, kalasi yonse ikhoza kutengera pa fulashi. Zolowerani kusunga ntchito pafupipafupi, poti magetsi satsanzika akamapita.

Kwa okonda mawaya

Kulira kwa pulse mukhoza kukupanga ndi manja anu. Chip yotchedwa 555, imene inayamba kugulitsidwa mu 1972, ikalumikizidwa ndi ma resistor awiri, capacitor, batire la 9 volts ndi sipika yochotsa mu wailesi yakufa, imalira ndithu. Mukasintha resistor, liwu limasinthanso. Pa Arduino, lamulo limodzi lotchedwa tone limachita zomwezo. Gwiritsani ntchito mabatire okha. Musalumikize chilichonse ku soketi ya pakhoma, ndipo musatsegule wailesi ya kanema yakale ija ya chimsana, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa.

Zipangizo zogula ziliponso, monga PO-20 Arcade ya kampani ya Teenage Engineering ya ku Sweden, komanso Game Boy yeniyeni yoikamo LSDj, pulogalamu imene Johan Kotlinski anayamba mu 2000. Zimenezi zimafuna kuitanitsa kunja ndi ndalama yakunja. Makolo, mwana akakupemphani zoterezi, muuzeni ayambe wakumveretsani zimene wapanga ndi zaulere zija.

Machenjezo awiri

Loyamba ndi la mapulogalamu obedwa, amene anthu amati okiraka. Nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo fulashi imodzi ikhoza kuwononga makompyuta a sukulu yonse. Komanso ndi katundu wa mwini wotengedwa popanda chilolezo. Tengani pulogalamu pa tsamba la eni ake kapena pa Google Play.

Lachiwiri ndi la umwini. Kaliridwe ka pulse kalibe mwini, koma nyimbo ya Super Mario ili ndi mwini wake. Kuitsanzira pophunzira ndi kwina, kuiika mu gemu yanu n'kumagawa kapena kugulitsa ndi kwina. Kuno kwathu lamulo la Copyright Act la mu 2016 ndi bungwe la COSOMA zimateteza ntchito za olemba ndi oimba, ndipo mawa zidzateteza zanu.

Poyambira

Tsegulani FamiStudio kapena BeepBox. Pa njira yoyamba lembani mawu asanu ndi atatu okha, muwamvere akubwerezabwereza. Kenako onjezani besi ya mawu awiri kapena atatu. Pomaliza ikani phokoso lija ngati ng'oma. Mukasowa kagundidwe, mvetserani amayi awiri akusinja pa mtondo umodzi, wina akukweza munsi wina akutsitsa, ndipo mupatse njira iliyonse munsi wake. Masekondi 15 omalizidwa bwino ndi okwanira sabata yoyamba. A Fomu 2 ndi 4, dzipatseni ola limodzi Loweruka mutamaliza kuwerenga, zina mudzapitiriza mayeso akatha, Insha Allah.