Uta ndi Mivi: Luso la Makolo Lisafere M'minda ya Tiyi ya ku Chipinge

Pamene tiyi anayamba kudzalidwa pa munda wa New Year's Gift ku Chipinge m'chaka cha 1924, eni minda anafunikira antchito ambiri. M'zaka zotsatira, makamaka nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, amuna ochuluka ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anakhazikika m'minda ya m'dziko la Zimbabwe, kuphatikizapo ya tiyi ya ku Chipinge ndi ku chigwa cha Honde. Anabwera ndi chilankhulo, magule ndi maluso akwawo. Limodzi mwa maluso omwe akuzilala pakati pa zidzukulu zawo ndi la uta ndi mivi.

Mawu akuti uta ndi amodzi m'Chichewa ndi m'Chishona, umboni wakuti chidachi n'chakalekale m'chigawo chino. Alenje a Chimang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wa kombe. John Kirk, dokotala yemwe anayenda ndi David Livingstone, anachita chidwi ndi ulembewu, ndipo pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapezamo mankhwala a mtima.

Lero uzimba sulinso ngati kale. Nkhalango ya Chirinda, pafupi ndi Mount Selinda, ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la Parks and Wild Life la 1975 limaletsa kupha nyama popanda chilolezo. Komabe uta ungakhale ndi moyo wina ngati masewera, pomwe cholasidwa ndi chandamale osati gwape. M'chaka cha 2016, Areneo David wa ku Malawi ndi Gavin Sutherland wa ku Zimbabwe anapikisana nawo pa masewera a Olimpiki ku Rio de Janeiro, komwe chandamale chimakhala pa mtunda wa mamita 70. Ku Bhutan, komwe kuponya mivi ndi masewera a fuko, amalasa pa mtunda wa mamita pafupifupi 145.

Chinsinsi ndi kubwereza

Ophunzira ambiri amaganiza kuti kulasa bwino kumadalira diso lakuthwa kapena mphamvu za mkono. Zoona zake n'zakuti muvi umagwa pamalo amodzi ngati thupi lachita zinthu zofanana nthawi iliyonse. Kusintha pang'ono chabe pa kagwiridwe ka nsinga kumakula pamene muvi ukuuluka, mpaka kuphonya chandamale chonse.

Zonse zimayambira ku mapazi. Woponya aime chammbali, phewa la mkono wogwira uta litaloza kuchandamale, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa. Wophunzira ajambule pansi pomwe mapazi ake apondapo, kuti aziima pomwepo nthawi zonse.

Uta sugwiridwa ngati mpini wa khasu. Dzanja likaufinya, uta umapotoka pamene nsinga yatayidwa, ndipo muvi umapatukira kumbali. Uta utsamire pa chikhatho, m'munsi mwa chala chachikulu, zala zili zomasuka. Phewa likhale pansi, lisakwere kukhutu. Ngati nsinga ikukwapula mkono, woponya apotoze chigongono pang'ono kunja, komanso amange kachikopa pamkonopo.

Pokoka nsinga, ntchito yaikulu ikhale ya minofu ya kumsana. Chigongono chibwerere m'mbuyo chili m'mzere umodzi ndi muvi. Kenaka dzanja lifike pamalo amodzi a nkhope, monga chala cha mkombaphala kukhudza ngodya ya pakamwa. Apa ndi pamene pagona luso lonse. Wokoka nsinga lero mpaka pachibwano, mawa mpaka patsaya, mivi yake idzagwa ina m'mwamba ina pansi ngakhale diso litalunjika bwino.

Nsinga siponyedwa ndi zala. Zala zimangolefuka, iyo n'kuchoka yokha. Muvi ukachoka, woponya akhalebe chiimire, mkono uli m'mwamba, kufikira atamva kuti walasa. Wotsitsa uta msanga pofuna kuona komwe muvi wagwera amaukokera pansi usanachoke bwino.

Zida ndi nyengo

Mivi ya bango kapena nsungwi iyenera kufanana kutalika, kulemera ndi kulimba kwake. Muvi wopindika umawongoledwa poutenthetsa pang'ono pamakala, ndipo nthenga za muvi umodzi zichokere ku phiko limodzi la mbalame. Ndi bwino kulemba manambala pa mivi. Ngati muvi umodzi ukupatuka nthawi zonse pamene inzake ikugwa pamodzi, vuto ndi la muviwo.

Nyengo ya kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe ili ndi zovuta zake. Mvula yowaza ya guti, yomwe a ku Mulanje ndi ku Thyolo angaitche chiperoni, imafewetsa nsinga yachikopa ndipo muvi umachepa liwiro. Uta usungidwe pouma, nsinga itamasulidwa. Usakokedwe n'kutayidwa wopanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera mumtengo ndipo ungathe kuthyoka.

Chandamale sichifuna ndalama. Ku Honde, komwe nthochi zimalimidwa kwambiri, thunthu la nthochi limagwira muvi popanda kuuwononga. Thumba lodzaza ndi udzu nalonso limathandiza. Wophunzira ayambire pa mamita 10, ndipo asasunthire patali kufikira mivi yake isanu ikugwa pamalo omwe chipewa chingaphimbe. Mivi 30 yoponyedwa modekha tsiku lililonse imaphunzitsa kuposa mivi 200 ya tsiku limodzi, pakuti mkono wotopa umazolowetsa thupi zolakwika.

Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu kapena chitunda, kutali ndi njira za otchola tiyi, ndipo wina asapite kukazula mivi onse asanaike mauta pansi.

Masukulu ndi mabwalo a masewera a m'mindayi ali ndi malo okwanira. Chofunika changu ndi kupeza agogo omwe akudziwabe kusema uta ndi kumanga nthenga, kuti akhale pansi ndi achinyamata manja awo asanafooke.