Kufikira Ovutika Popanda Kutaya Antchito: Phunziro la ku Chigwa cha Shire

Mawu Oyamba

Mu Disembala 2024, chipolowe chitabuka ku Mozambique chifukwa cha zotsatira za chisankho cha mu Okutobala chaka chomwecho, anthu zikwizikwi anawoloka mitsinje nalowa m'boma la Nsanje, ndipo dzina la Nyamithuthu linayambanso kumveka pa wailesi. Kwa abale athu amene ali ku seminale lero dzinali linali lachilendo. Koma kwa akuluakulu a ku Chigwa cha Shire linakumbutsa zaka za pakati pa 1986 ndi 1994, pamene maboma a Nsanje ndi Chikwawa anasanduka pothawira pa namtindi wa anthu, ndipo ansembe, asisitere, anamwino, madalaivala ndi makalaliki ogawa ufa ankagwira ntchito yawo mfuti zikumveka kutsidya.

Funso limene tikufuna kulisanthula m'nkhani ino ndi ili: kodi bungwe lopereka chithandizo lingafikire bwanji anthu ovutika kumene kuli nkhondo, popanda kupereka antchito ake ku imfa? Ambiri amaganiza kuti pamenepa pali maudindo awiri olimbana, kotero kuti wofuna kusunga antchito ayenera kusiya ovutika, ndipo wofuna kufikira ovutika ayenera kutaya antchito. Ife tikuona kuti mbiri ya ku Chigwa cha Shire ikuphunzitsa zina. Chitetezo cha wantchito ndi kutseguka kwa njira zimamera pa tsinde limodzi, ndilo kukhulupiridwa ndi anthu a mbali zonse.

Mmene Nkhondo Inafikira Pakhomo Pathu

Boma la Nsanje lazingidwa ndi dziko la Mozambique kuvuma, kumwera ndi kuzambwe, ndipo Asena ndi Amang'anja a kuno ndi a kutsidya ndi abale enieni amene malire a atsamunda anawadula pakati. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, sipanapite nthawi yaitali, nkhondo inabuka pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO, limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la ku Rhodesia, ndipo kuyambira 1980 ndi la ku South Africa. Mu 1986 nkhondoyo inakula kwambiri m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Tauni ya Mutarara inagwa m'manja mwa RENAMO, mlatho wa njanji wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unaphwasulidwa, ndipo anthu anakhamukira ku Marka ndi m'madoko a Shire, ambiri atavala ziguduli.

Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi muno anali oposa 1,000,000, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Ena anakhala m'midzi pakati pa abale awo, ena m'misasa monga Mankhokwe, Tengani ndi Nyamithuthu ku Nsanje, ndiponso Kunyinda ku Chikwawa. Ntchito yowasamala inagawidwa pakati pa boma, bungwe la Malawi Red Cross limene linkagawa chakudya, mabungwe a UNHCR ndi WFP, madokotala a Médecins Sans Frontières, ndiponso mipingo. Dayosizi ya Chikwawa, pansi pa Ambuye Felix Mkhori, inali pakati penipeni pa zimenezi ndi maparishi ake ndi zipatala zake, monga chija cha Trinity ku Muona.

Njira Ikatsekeka

Tikamanena za kutseguka kwa njira tikutanthauza zinthu ziwiri: kuti chithandizo chithe kufika kumene kuli anthu, ndiponso kuti anthu athe kufika kumene kuli chithandizo popanda kuopa. Nkhondo imatseka zonse ziwiri. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala, zimene Malawi ankadalira potumiza ndi kulandira katundu, zinaleka kuyenda m'zaka zoyamba za m'ma 1980. Tsono chimanga chambiri chinkabwera pa malole, kudzera pa msewu wa Tete m'midipiti yoperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, kapena kuzungulira kutali kudzera ku Zambia.

Chakudya chochokera kutali chotere chikaphonya pang'ono, zotsatira zake zimaoneka pa matupi a anthu. Mu 1990 mtedza unasowa kwa miyezi ingapo pa chakudya chogawidwa, ndipo othawa nkhondo oposa 17,000 anagwidwa ndi nthenda ya pellagra, imene imathetsula khungu ndi kutsegula m'mimba mwa munthu wodya chimanga chokha. Kolera nayo inabuka ku Mankhokwe mu 1988, ndiponso ku Nyamithuthu mu 1990, kumene anthu pafupifupi 2,000 anadwala, ambiri a iwo ongofika kumene. Apa tikuona kuti pa nkhondo njala ndi matenda zimapha anthu amene chipolopolo sichinawakhudze, ndipo tsiku lililonse limene lole yaima kapena namwino walephera kufika lili ndi mtengo wake.

Kutsidya zinthu zinali zoopsa koposa. Kumeneko chakudya chinkaonedwa ngati chida cha nkhondo, pakuti mbali iliyonse inkadziwa kuti anthu amatsata kumene kuli ufa. Midipiti ya malole a chithandizo inkawukiridwa, madalaivala ankaphedwa, ndipo misewu inakwiriridwa mabomba. Anthu a mpingo nawonso sanasiyidwe. Sisitere Teresa Dalle Pezze, wa chipani cha Comboni, anaphedwa mu Januwale 1985 pamene magalimoto amene anali nawo pa ulendo anawukiridwa pa msewu wa ku Nacala.

Njira Zitatu Zotetezera Antchito

Akatswiri a ntchitoyi masiku ano amasiyanitsa njira zitatu zimene bungwe lingatsate pofuna kusunga moyo wa antchito ake.

Yoyamba ndiyo kulandiridwa. Bungwe limayesetsa kuti mafumu, anyakwawa, atsogoleri a othawa nkhondo, ngakhale onyamula mfuti, adziwe kuti ilo ndani, labwera kudzatani, ndipo chithandizo chake chikupita kwa yani. Anthu akalandira bungwe amakhala maso ake ndi makutu ake. Mayi wogulitsa nsomba pa doko amadziwa msanga kuposa ofesi ya ku Blantyre kuti usiku wathawu kwadutsa anthu achilendo. Ku Chigwa cha Shire njira imeneyi inali ndi maziko olimba, chifukwa olandira ndi olandiridwa ankalankhula chinenero chimodzi, ndipo mafumu ndiwo anapereka malo omangapo misasa. Koma kulandiridwa kumafuna kusamalidwa. Pamene eni mudzi anaona nkhuni zikutha, minda ikuchepa, ndi alendo okha akulandira ufa, kudandaula kunali kosapeweka, ndipo bungwe losamva madandaulo otere limadzikumbira lokha dzenje.

Yachiwiri ndiyo kudzitchinjiriza: kusayenda usiku, kudziwitsa anzako kumene ukupita ndi nthawi yobwerera, kukhala ndi wailesi ya mauthenga m'galimoto, kuika chizindikiro chooneka bwino pa lole ndi pa chipatala, kusaponda njira imene anthu a pamalopo aleka kuyendamo. Zimenezi zimachepetsa ngozi, koma zikapyola muyeso zimamanga mpanda pakati pa wothandiza ndi wothandizidwa, ndipo wokhala kuseri kwa mpanda samva chenjezo.

Yachitatu ndiyo kuopseza, ndiko kuyenda ndi asilikali kapena alonda a mfuti. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, monga zinalili pa msewu wa Tete. Koma walira mvula walira matope. Lole yoperekezedwa ndi asilikali a mbali imodzi imasanduka lole ya mbali imeneyo m'maso mwa adani awo, ndipo midzi yonse ya kutsidya kwa mzere wa nkhondo imatsekeka kwa bungwelo. Motero chitetezo cha lero chimagulidwa ndi njira ya mawa. Ichi ndicho chifukwa chake mabungwe ozindikira amaika kulandiridwa patsogolo, nasunga mfuti ngati chinthu chomalizira.

Kusakondera ndi Kulankhula ndi Onse

Kulandiridwa ndi mbali zonse sikutheka popanda kusakondera. Mfundo imeneyi, imene a Red Cross anaikhazikitsa pamodzi ndi zinzake ku Vienna mu 1965, imati chithandizo chiperekedwe potsata kukula kwa vuto, osayang'ana chipani, mtundu kapena chipembedzo. Kwa ogwira ntchito m'Malawi kusunga mfundoyi kunali kovuta, chifukwa dziko lenilenilo linkakayikiridwa. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzadandaula kwa Dr. Kamuzu Banda kuti RENAMO ikupeza pobisala m'Malawi. Chaka chotsatira asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala mogwirizana ndi boma la Mozambique. Chomwecho wantchito wa chithandizo wa ku Nsanje akanatha kuonedwa ngati kazitape ndi mbali iliyonse.

Panalinso timagulu tina tochokera kunja, todzitcha ta mishoni, timene tinkawoloka malire mobisa kukathandiza mbali imodzi. Khalidwe lotere limaika pa ngozi onse ovala mtanda, pakuti msilikali wa pa chipata sasiyanitsa mishoni ina ndi inzake. Ngozi ina inali m'misasa momwemo. Pangano la mayiko a mu Africa la 1969 lokhudza othawa kwawo limalangiza kuti iwo akhazikidwe patali ndi malire, koma Nsanje ndi yopapatiza kotero kuti paliponse ndi pafupi ndi malire. Msasa ukayamba kudziwika ngati popumulira ankhondo kapena nkhokwe yawo ya ufa, ana ndi anamwino omwe amakhala pa ngozi.

Kusakondera kumafunanso kulimba mtima kolankhula ndi onse onyamula zida, ngakhale amene manja awo ali ndi magazi. Mu 1988 Robert Gersony, atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, ena mwa iwo m'Malawi muno, analemba za nkhanza zoopsa za RENAMO. Komabe anthu wamba okhala m'madera a gululo nawonso anali ndi njala. Mapangano a ku Geneva a 1949 amalola bungwe losakondera kudzipereka kutumikira mbali zonse pa nkhondo ya pachiweniweni, ndipo kukambirana ndi gulu sikutanthauza kuvomereza zochita zake. Chilala chitafika poipa, pa 16 Julayi 1992 boma la Mozambique ndi RENAMO anasaina ku Rome chikalata cholola kuti chithandizo chifike kwa anthu onse, kulikonse kumene ali. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira. Tizindikire kuti kugwirizana pa za chakudya kunatsogola, mtendere unatsatira pambuyo.

Udindo wa Wotuma

Tsopano tifike pa mbali imene ikutikhudza ife amene timayang'anira maparishi, zipatala ndi maofesi a chitukuko. Aristotle anaphunzitsa kuti kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mosaganiza, ndipo Thomas Aquinas Woyera anawonjeza kuti nzeru yosankha bwino ndiyo iyenera kuwongolera makhalidwe ena onse abwino. Pamenepa tiyenera kusiyanitsa kudzipereka ndi kupereka mnzako. Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, a chipani cha Yesu, amene anaphedwa ku Chapotera m'dera la Angonia pa 30 Okutobala 1985, anasankha okha kukhala ndi anthu awo akudziwa ngozi yake. Timalemekeza chisankho chotere. Koma mkulu wa bungwe alibe ufulu wosankhira dalaivala wa ana asanu imfa yotereyi. Ndiponso munthu wosauka akati "ndipita", tiyenera kudzifunsa ngati wavomera ndi mtima wonse kapena akuopa kuchotsedwa ntchito.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa pa dziko lonse ambiri mwa antchito a chithandizo amene amaphedwa ndi eni dziko. Zinthu zikavuta, ochokera kunja amakwera ndege, ndipo ntchito imatsalira katekisiti, namwino ndi mlonda wa nkhokwe. Zimenezi zaonekanso kumpoto kwa Mozambique, kumene nkhondo ina inayamba ku Cabo Delgado mu Okutobala 2017, ndipo Sisitere Maria De Coppi anaphedwa pa mishoni ya Chipene mu Seputembala 2022. Parishi imene ilandira ndalama za bungwe lakunja kuti igawe chithandizo pa malo oopsa izindikire kuti yalandiranso ngozi imene bungwelo laikana.

Tsono wotuma aliyense, asanapereke makiyi a galimoto, adzifunse mafunso anayi. Kodi ulendowu ukukapulumutsa moyo, kapena ungathe kudikira? Kodi amene ali ndi mphamvu pa njirayo akudziwa za ulendowu ndipo avomera? Kodi wotumidwayo wauzidwa zoona zonse, ndipo angathe kukana popanda chilango? Nanga zikavuta, ndani adzamfunafuna, ndipo ndani adzasamala banja lake? Ngozi imene ingaloledwe ponyamula mankhwala a kolera siingaloledwe pokatenga lipoti la mwezi.

Mawu Omaliza

Pofika 1995 othawa nkhondo pafupifupi onse anali atabwerera kwawo, ngakhale kuti ntchito yochotsa mabomba okwirira ku Mozambique inatha mu 2015. Misasa yambiri ya ku Nsanje ndi Chikwawa inasandukanso minda. Koma malire sanasunthe, ndipo zochitika za mu 2024 zatikumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kukhulupiridwa kumene kumatsegula njira ndi kusunga antchito sikumangidwa pa tsiku la chipolowe. Kumamangidwa pa nthawi ya mtendere, pamene wansembe amadziwa mafumu a m'parishi mwake, amalankhula Chisena cha anthu ake, amasunga ubale ndi ansembe anzake a kutsidya kwa Shire, ndipo amagawa thumba la ufa mosayang'ana kuti wolandirayo amapemphera kuti. Abale athu amene adzatumidwa ku Chigwa cha Shire ayambe ntchito imeneyi pa tsiku lomwe afika pa parishi.