Njira zathu za mapazi, kuchokera ku Chembe mpaka pa Sapitwa

Njira yotchuka yokwerera phiri la Zomba sinalambulidwe ndi boma kapena kampani yokopa alendo. Anaiponda ndi alimi. Amaitchula kuti Potato Path chifukwa ndi momwe anthu ankatsikira atasenza mbatata ya kachewere kukagulitsa kumsika wa m'tauni. Lero anthu amakwera ndege kuchokera kutali kudzayenda njira yomweyo, pamene ambiri mwa ife amene timaliona phirili m'mawa uliwonse sitinafikepo ngakhale padamu la Mulunguzi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kwathu kuno kuyenda wapansi timakutenga ngati chizindikiro cha kusowa. Munthu amene anakula akuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, kuchigayo ndi kumjigo, akangopeza kangachepe amalumbira kuti sadzayendanso. Ukamuuza zokakwera phiri Loweruka amakufunsa kuti kumeneko kwatayika chiyani. Ena amati izi n'za azungu, ena amati n'za anyamata a mphamvu zawo. Koma dziko lino lili ndi njira zoti agogo angayende ndi zidzukulu, lilinso ndi zina zoti ngakhale msilikali amafika pamwamba miyendo ikunjenjemera. Chofunika n'kusankha yolingana ndi mphamvu zako, ndi kudziuza zoona pa mphamvuzo.

Amene sanayendepo ulendo wotere ayambire kunyanja. Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, munthu amachoka m'mudzi wa Chembe n'kutsata gombe kulowera ku Otter Point. Palibe chitunda choopsa. Umadutsa mathandala a usipa, mabwato ali gone pamchenga, amayi akutsuka mbale ana akusambira pambali, kenako umalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pamalopa mu 1875. Malungo anawasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Pa Otter Point penipeni madzi ndi oyera mbee, moti ukakhala pamwala umaona mbuna za mitundumitundu zikusewera pansi. Anyani ndi ambiri, choncho kamba wanu musamuonetsere. Nyamukani m'mamawa, chifukwa dzuwa la kunyanja likafika paliwombo mchenga umaotcha mapazi.

Okhala m'mizinda sakufunika kudikira tchuthi. Blantyre ndi wozunguliridwa ndi Michiru, Ndirande ndi Soche, ndipo ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda imene Akhristu amakwera akupemphera. A ku Lilongwe ali ndi phiri la Bunda ndi la Nkhoma, ndiponso la Dedza, lotalika mamita 2,198, limene mbali yaikulu umakwera mumsewu wa m'nkhalango ya paini. Onsewa ndi a tsiku limodzi. Ku Ntchisi kuli nkhalango yachilengedwe yowirira, imodzi mwa zochepa zotsala m'chigawo chapakati, ndipo kumeneko umayenda mumthunzi pafupifupi ulendo wonse.

Phiri la Zomba ndilo lokomera banja, chifukwa aliyense amapezapo pake. Wofooka miyendo angakwere pagalimoto mpaka pamwamba, n'kuyamba kuyenda atafika kale. Kuchokera padamu la Mulunguzi, kanjira kamatsata mtsinje pansi pa mitengo mpaka pamathithi a Williams, ndipo ana a pulaimale amakwanitsa bwinobwino. Amene akufuna kutuluka thukuta apitirire ku Queen's View ndi Emperor's View, malo awiri oonera patali. Achiwiriwa anapatsidwa dzina pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kukakhala kopanda chifunga, umaona mzinda wa Zomba pansi pako, nyanja ya Chilwa chakum'mawa, ndi Mulanje atatumphuka chapatali. Kumadzulo kwa phiri kuli dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amalisimba motsitsa mawu, ndipo pafupi nalo phiri limathera mwadzidzidzi n'kukuonetsa chigwa cha Shire. Kuyenda kupita kumeneko ndi kubwerera kumadya tsiku lathunthu. Potato Path yokha, ngakhale ndi yaifupi, ndi yoimirira, ndipo mvula ikagwa imaterera kwambiri.

Chimene chimawawa pa Zomba n'chakuti malo ambiri amene kale anali nkhalango tsopano ndi zitsa. Moto wolusa, macheka ndi makala zadya phirili, chikhalirecho madzi amene mzinda wonse umamwa amachokera momwemo. Munthu amene amangoliona ali mumsewu wa M3 sangazindikire kukula kwa balali.

Kumpoto kuli ulendo umene mtima umaufuna koma mawondo amaudandaula. Kuchokera pa Chitimba, m'mbali mwa nyanja, msewu wa Gorodi umakwera kupita ku Livingstonia mokhotakhota, ngodya zake 20. Ambiri amakwera matola, koma woyenda wapansi ndiye amaona zambiri: pangodya iliyonse ukacheuka, nyanja imakhala yakula kuposa pa ngodya yapitayo. Pafupi ndi pamwamba pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga lomwe eni dera amasimba kuti makolo awo ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Ukafika ku Livingstonia, pa Khondowe, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, umapeza nyumba yake ya miyala ikadalipo. Olimba kwenikweni amayambira pa Chelinda, pakati pa Nyika, n'kuyenda masiku atatu kutsikira ku Livingstonia, akugona m'matenti, motsogozedwa ndi msilikali wa zanyama. Amadutsa m'zitunda za udzu wokhawokha momwe mbidzi, nchefu ndi chilembwe zimadya poyera, kenako n'kutsikira m'minda ndi m'midzi ya Aphoka. Usiku wa pa Nyika m'mwezi wa Juni umazizira mpaka udzu kuchita chisanu.

Tsono Mulanje. Phiri ili lili ndi njira za aliyense, koma silisekerera wodzikuza. Ulendo wa ambiri umayambira pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango, ndipo pamenepo ndi pomwe mumapeza olondolera alendo ndi onyamula katundu. Wongofuna kulawa apite pa Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, akakhale pamwala n'kumamvera mathithi. Madzi ake ndi ozizira zedi ndiponso akuya, moti wosadziwa kusambira asayerekeze kulowamo. Wofuna kugona m'phiri akwere kupita ku Chambe, kudzera njira ya Skyline yoimirira kapena ya Chapaluka yotsata mtsinje, ulendo wa maola atatu kapena anayi. Pamwambapo pali nyumba zogona alendo zomwazikana m'phiri lonse: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo. Pa iliyonse pali mlonda amene amakupezerani nkhuni ndi madzi, koma ufa, ndiwo ndi zofunda mumanyamula nokha. Munthu angathe kuyenda sabata yathunthu kuchoka nyumba ina kupita ina osakwera nsonga iliyonse, ndipo ine ndimaona kuti ulendo umenewo ndiwo wokoma koposa: zigwa za udzu, timitsinje ta madzi oti ungomwa ndi manja, ndi minda ya tiyi itayalidwa pansi ngati mphasa yobiriwira.

Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi pa mamita 3,002, ndi nkhani ina. Oipita amagona pa Chisepo n'kulawirira kusanache. Kumeneko sikuyenda chabe: umakwawa pamiyala yotsetsereka, umalowa m'mipata ya matanthwe, manja akugwira ntchito limodzi ndi miyendo. Choopsa chachikulu ndi chiperoni, chifunga chozizira chobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, chimene chimatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa n'kukhalapo masiku angapo. Chikafika, zizindikiro za penti zapamiyala sizionekanso. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, ndipo anakapezeka atamwalira patapita masabata. Anthu a m'munsi mwa phiri amati kuli mizimu ya makolo ndipo munthu sapitako mwachipongwe. Kaya wina akhulupirira zimenezo kaya ayi, malangizo ake ndi amodzimodzi ndi a olondolera alendo: osapita wekha, osakangana ndi nyengo, ndipo wokutsogolera akati tibwerere, bwererani.

Za onyamula katundu ndinenepo mosabisa. Awa ndi anthu amene amasenza chikwama chako cholemera n'kukafika pamwamba iwe ukadali wefuwefu pakati pa chitunda. Chaka ndi chaka amaonetsa mphamvu zawo pampikisano wa Porters Race, pomwe amathamanga makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri m'maola ochepa, mtunda umene mlendo amauyenda tsiku lonse kapena kuposa. Si bwino kuti Mmalawi mnzawo azinenerera mtengo mpaka kuwafinya. Gwirizanani malipiro musananyamuke, funsani ngati ali ndi chakudya ndi chofunda cha usiku, ndipo musawasenzetse katundu wopyola muyeso. Ndalama imeneyo ndi imene imachititsa mnyamata wa pa Likhubula kuona kuti mtengo uli chiimire ungamudyetse.

Mfundo imeneyi ndi yaikulu chifukwa cha mkungudza. Mtengo uwu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake macheka anaulondola mpaka m'zigwa zobisika. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mbande imafuna zaka zochuluka yopanda moto kuti ikhale mtengo. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala pamidzi ya ku Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, nkhani ya mitengo ya m'phiri inasiya kukhala ya akatswiri okha. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pamndandanda wake, makamaka polemekeza miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalitenga ngati malo opatulika.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kunja kusanatenthe. Seputembala ndi Okutobala kumatentha ndipo utsi wa moto wa tchire umabisa zapatali. M'dzinja mitsinje ya m'phiri imadzaza mwadzidzidzi, ndipo kamtsinje kamene munawoloka m'mawa mukudumpha miyala kangathe kukutsekerezani madzulo. Zida zodula sizofunika: nsapato yomwe phazi linaizolowera kale, juzi, chodzitetezera ku mvula, botolo la madzi, mtedza wokazinga ndi mbatata yootcha. Wodwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanalimbane ndi chitunda chachikulu, ndipo aliyense auzeko wina wakunyumba njira imene watenga ndi tsiku lobwerera.