GALIMOTO YA MAGETSI PA ULENDO WAUTALI

Chifubu ndi komboni yaikulu ya mu mzinda wa Ndola. Ambiri okhala kumeneko amalankhula ciBemba, koma alipo enanso amene makolo ao anacokera kum'mawa, ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata, nadza ku Migodi kudzafuna nchito. Anthu otere saiwala kwao. Akamva za maliro kapena za ukwati amanyamuka ulendo wa kumudzi, ndipo pobwerako amatenga matumba a cimanga ndi a nshawa. Galimoto imene imathandiza kwambiri pa maulendo otere ndiyo vaneti, imene ena amaicha pikapu, pakuti kutsogolo kwace kumakhala anthu, ndipo kumbuyo kumakhala katundu.

Ulendowu ndi wautali ndithu. Kucokera ku Ndola kupyola ku Kapiri Mposhi ndi ku Kabwe kufikira ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 320, ndipo kucokera ku Lusaka kufikira ku Chipata pali makilomita ena pafupifupi 570. Kwa zaka zambiri magalimoto oyenda pa mseu umenewu akhala akumwa petulo kapena dizilo. Koma tsopano kwabwera mtundu wina wa galimoto wosamwa mafuta konse, woyenda ndi magetsi okha. M'caka ca 2024 boma la Zambia linacotsa msonkho wa pa malire pa magalimoto a mtundu umenewu kuti aculuke m'dziko. Cifukwa cace ana amene ali pa sukulu lero ayenera kudziwa mayendedwe ace, pakuti ena a iwo adzawayendetsa akadzakula.

Mmene imayendera

Galimoto ya magetsi iribe injini yotentha mafuta, ndiponso siitulutsa utsi. Pansi pace pali batire lalikulu, lophwathalala, limene limasunga magetsi. Magetsiwo amapita ku mota, ndipo mota imazunguza magudumu. M'kati mwa mota muli waya wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi akamayenda m'waya umenewu pamabadwa mphamvu ya maginito, imene imakankha citsulo ca pakati kuti cizungulire. Galimoto ya petulo iri ndi mkuwa wolemera makilogalamu pafupifupi 20, koma ya magetsi iri nao pafupifupi 80. Motero mkuwa wokumbidwa ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola uli wofunika kwambiri kwa opanga magalimoto amenewa m'maiko akutali.

Mavaneti ena a magetsi anayamba kugulitsidwa ku America m'zaka izi: Rivian R1T m'caka ca 2021 ndi Ford F-150 Lightning m'caka ca 2022. Mphamvu ya batire amaiyesa ndi mayuniti, omwe aja anthu amagula kwa ZESCO kuti aunikire m'nyumba. Batire laling'ono la Ford ija linali kulowa mayuniti 98, okwanira kuyenda makilomita ngati 370, ndipo lalikulu linali kulowa mayuniti 131, okwanira makilomita ngati 500. Koma batire limalemera kwambiri, kotero kuti vaneti yotere imafika matani pafupifupi 3 isanasenze kanthu.

Kukonzekera ulendo

Mwini galimoto ya petulo saopa ulendo wautali, pakuti malo omwetsera mafuta alipo m'tauni iri yonse, ndipo thanki imadzaza m'mphindi zowerengeka. Mwini galimoto ya magetsi ayenera kuganiza kwambiri asananyamuke. Malo ochajira batire akali ocepa poyerekeza ndi malo omwetsera mafuta, ndiponso kuchaja kumatenga nthawi. Soketi ya m'nyumba imapereka mayuniti 2 kapena 3 okha pa ola, kotero batire la mayuniti 98 lingathe kutenga maola ngati 40 kuti lidzaze. Makina aakulu ochajira mwamsanga amacita bwino koposa: pa mphindi ngati 40 amabwezera gawo lalikulu la mphamvu imene yatha.

Munthu wa ku Chifubu wofuna kufika ku Chipata sangathe kuyenda makilomita 890 osachaja pa njira. Ayenera kuima kawiri kapena katatu, ndipo ayenera kudziwiratu malo amene adzaimapo ndi kufunsiratu ngati magetsi alipo. Magetsi ambiri a m'Zambia amacokera ku madzi a ku Kariba ndi a ku Kafue Gorge. M'caka ca 2024 kunali cilala, madzi anacepa, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Woyendetsa wanzeru sadikira kuti batire lithe. Amasiya gawo limodzi mwa magawo 5 kuti limpulumutse akapeza kuti pamalo pamene anadalira palibe magetsi.

Pali zinthu zitatu zimene zimatha batire msanga. Coyamba ndi liwiro, pakuti galimoto ikathamanga kwambiri mphepo imaikankha kwambiri. Woyenda makilomita 90 pa ola amafika patali kuposa woyenda 120. Caciwiri ndi katundu: vaneti yokoka ngolo yolemera ingathe kuyenda theka lokha la mtunda umene imayenda yopanda ngolo. Cacitatu ndi matayala osapopa bwino. Woyendetsanso mwini wace amatopa, ndipo ayenera kupumula akayenda maola 2. Nkwabwino kuti oyendetsa akhale awiri, azilandirana. Paja akulu amati kuyenda awiri si mantha.

Mabuleki a mitundu iwiri

Kuyendetsa galimoto nkosavuta kuposa kuiimitsa. Galimoto iri yonse iri ndi mabuleki ogwira ku magudumu, amene nchito yao ifanana ndi ya mabuleki a njinga. Woyendetsa akaponda buleki, mafuta a m'timapaipi amakankha tizidutswa tolimba kuti tipane mbale yacitsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu. Kukhuzana kumeneku kumacepetsa liwiro, ndipo mphamvu imene galimoto inali nayo imasanduka kutentha, nitayika mu mpweya.

Galimoto ya magetsi iri ndi mabuleki amenewa, koma iri ndi njira yinanso yocepetsera liwiro. Mwana amene anapalasapo njinga ya nyali ya dainamo adziwa kuti dainamo ikakhudza tayala nyali imayaka, koma njinga imalemera pocova. Kulemerako kumabwera cifukwa mphamvu yina ya wocova irikusanduka magetsi. Munthu amene anazindikira cinsinsi cimeneci ndiye Michael Faraday wa ku England, m'caka ca 1831. Mota ya galimoto imacita cimodzimodzi. Woyendetsa akacotsa phazi pa copondera moto, magudumu ndiwo amayamba kuzunguza mota, ndipo mota imasanduka dainamo. Pamenepo galimoto imacepa liwiro, ndipo magetsi opangidwawo amabwerera m'batire. Sabwerera onse ai, koma gawo limene labwerera limaonjezera mtunda wa ulendo.

Nzeru imeneyi yafika kale m'migodi ya Zambia. M'caka ca 2024 kampani ya Hitachi inayamba kuyesa cigalimoto cacikulu ca batire cotuta miyala pa mgodi wa Kansanshi ku Solwezi. Pokwera kucoka m'dzenje cinali kutenga magetsi ku mawaya a pamwamba, ndipo potsika cinali kubwezera magetsi m'batire lace mwa njira yomwe ija.

Pa mtsetse wa ku Luangwa

Wopita ku Chipata akapitirira Chongwe ndi Rufunsa amalowa m'mapiri. Mseu umakhotakhota, nutsika kwambiri kufikira pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pamalo otere ndipo pamaoneka kusiyana kwa woyendetsa wodziwa ndi wosadziwa.

Wosadziwa amaponda buleki kosalekeza kucokera pamwamba kufikira pansi. Mbale zacitsulo zija zimatentha kwambiri, tizidutswa topana timayamba kuterereka, ndipo nthawi zina mafuta a m'timapaipi amawira. Zikatero, ngakhale aponde cotani, galimoto siima. Magalimoto ambiri olemera agwa m'maphompho cifukwa ca ici. Woyendetsa galimoto ya dizilo wodziwa nchito amalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini imthandize kugwira galimoto. Woyendetsa galimoto ya magetsi amasiyira nchito imeneyi mota yace, ndipo mabuleki a ku magudumu amakhala ozizira, okonzeka kugwira pa ngozi.

Koma pali msampha umene ambiri saudziwa. Mtsuko wodzaza sulandira madzi ena. Momwemonso batire lodzaza sililandira magetsi ena. Munthu akachaja batire mpaka kudzaza ali pamwamba pa phiri, nayamba kutsika, mota siithanso kugwira galimoto monga mwa nthawi zonse, pakuti magetsi alibe kopita. Woyendetsa amacotsa phazi poyembekeza kuti liwiro licepe, koma galimoto ingopitirira, ndipo kulemera konse kwa matani 3 pamodzi ndi matumba a cimanga kumagwera mabuleki a ku magudumu okha. Cifukwa cace wochaja pamalo okwera, pamene kutsogolo kuli mtsetse wautali, ayenera kusiya mpata m'batire. Ayeneranso kucepetsa liwiro asanafike pa mtsetse, osati ali pakati pace, ndipo asacotse galimoto m'giya poganiza kuti asunga magetsi, pakuti akatero mota imaleka kuthandiza.

Msampha wina ngwa ulesi wa phazi. Popeza galimoto imacepa liwiro yokha, woyendetsa angathe kuyenda masiku ambiri osaponda buleki kwenikweni. Mbale zacitsulo zimacita dzimbiri, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo phazi lace limaiwala kulumphira pa buleki. Mota siithandiza mokwanira pamene mwana wathamangira mu mseu. Cotero nkoyenera kuponda buleki ndithu nthawi ndi nthawi pamalo opanda anthu, ndi kupita nayo galimoto kwa makaniko kuti aone mabuleki ndi mafuta ace.

Mtunda woimira

Palibe galimoto imene imaima pomwepo. Munthu akaona coopsa pamapita sekondi imodzi kapena kuposa asanaponde buleki. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14 m'sekondi imeneyo, ndipo itagwidwa buleki pa phula louma imapitanso mamita ena ngati 14. Yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 m'sekondi yoyamba ija, koma itagwidwa buleki imapitanso mamita ngati 56. Motero liwiro likakula kawiri, mtunda wogwirira buleki umakula kanai. Mamita 84 onse pamodzi atsala pang'ono kufanana ndi utali wa bwalo la mpira.

Mvula ikagwa, kuyambira mu November kufikira mu April, mtunda umenewu ungathe kukula kawiri, ndiponso katundu wolemera amauonjezera. Pa matope ndi pa mseu woterera woyendetsa sacotsa phazi mwadzidzidzi pa copondera moto, kuopa kuti mota ingagwire magudumu mwamphamvu, galimoto niterereka. Potsata galimoto yina amasiya mpata wa masekondi 3: ya kutsogolo ikapyola mtengo, iye amawerenga pang'onopang'ono kufikira 3 asanafike pa mtengo womwewo. Pa mvula amawerenga kufikira 6. Ngozi ikaoneka amaponda buleki ndi mphamvu yonse osalekeza. Magalimoto a masiku ano ali ndi makina ochedwa ABS oletsa magudumu kumangika. Copondapo cimanjenjemera, koma iye sayenera kucita mantha ndi kucotsa phazi, pakuti ndiye kuti makinawo alikugwira nchito, ndipo ciongolero cikali kumvera.

Galimoto yosalira

Pali cinthu cimodzi cokhudza ngakhale anthu amene alibe galimoto. Vaneti ya dizilo imamveka ikali patali, koma ya magetsi ikamayenda pang'onopang'ono imabwera mwakacetecete. Pa msika wa Chifubu, pamene amai osenza mabeseni, anyamata okankha wilibala ndi ana ocoka ku sukulu amadutsana mu mseu, munthu wodalira makutu okha angathe kugundidwa. Mbuzi ndi ng'ombe za m'mbali mwa mseu wa ku Katete nazonso siziimva msanga. Woyendetsa ayenera kukumbukira kuti ena samumva, ndipo woyenda pansi ayenera kuima, kuyang'ana ku dzanja lamanja, ku lamanzere, ndi ku lamanjanso, asanadutse.

Galimoto ya magetsi iri ndi zabwino zambiri. Siiipitsa mpweya wa m'tauni ndi utsi, siifuna mafuta ogulidwa kunja ndi ndalama zambiri, ndipo mkuwa wa m'kati mwace ndi cuma ca dziko la Zambia. Koma miyoyo ya okwera iri m'manja mwa woyendetsa monga kale. Iye amene awerengera mtunda asananyamuke, nasiya mpata m'batire pamwamba pa phiri, nacepetsa liwiro nthawi ikalipo, amafika ku Chipata mocedwerapo pang'ono, koma amafika ndi anthu ace onse.

Mafunso

1. Chulani zinthu zitatu zimene zimatha batire msanga pa ulendo.
2. Kodi mota ya galimoto ifanana bwanji ndi dainamo ya njinga?
3. Cifukwa ninji si kwabwino kudzaza batire pamwamba pa mtsetse wautali?
4. Galimoto iyenda makilomita 300 batire likadzaza. Kodi idzachajidwa kangati pa njira kucokera ku Ndola kufikira ku Chipata?
5. Kodi mwana ayenera kucita ciani asanadutse mseu?