Magetsi a m'selo timawayeza ndi kapaipi ka galasi

Ndikanena kuti ntchito yanga ndi yoyeza magetsi a m'thupi, ambiri amaganiza za makina a kuchipatala ojambula kugunda kwa mtima. Makina amenewo amamva maselo mamiliyoni nthawi imodzi. Ife mu labotale timafuna selo limodzi, mwinanso puloteni imodzi yokha.

Selo lililonse limakutidwa ndi kakhungu ka mafuta komwe mchere sungaboole. M'kakhunguka muli mapuloteni omwe ndi makomo: ena amatsegulira sodiyamu, ena potaziyamu, ena kashiyamu. Tizidutswa ta mcherewu tili ndi mphamvu ya magetsi, ndiye tikamadutsa pakhomo, magetsi ayenda. Kuchepa kwake n'kosaneneka. Timawerenga mu picoampere, kutanthauza ampere imodzi itagawidwa ka triliyoni.

Timawotcha kapaipi ka galasi n'kukakoka mpaka nsonga yake itatsala pafupifupi micrometre imodzi. Timathiramo madzi a mchere, kulowetsamo kawaya ka siliva, kenako, maso ali pa maikulosikopu, timatsitsa nsongayo mpaka ikhudze selo. Apa timayamwa pang'ono kudzera m'kachubu, ndipo ambirife timayamwa ndi pakamwa penipeni, poti milomo imadziwa polekezera kuposa sirinji. Galasi likamatirira kakhungu mosasiya mpata, mzere wonjenjemera wa pa kompyuta umangoti zii. Kenako umayamba kudumpha: m'mwamba, pansi, m'mwamba, mlingo womwewomwewo. Ndi khomo limodzi limenelo, likutseguka ndi kutseka.

Njira imeneyi, patch clamp, anaiyambitsa Erwin Neher ndi Bert Sakmann ku Göttingen, Germany. Anajambula khomo limodzi koyamba mu 1976 pa mnofu wa chule, ndipo mu 1991 analandira mphoto ya Nobel. Kale mu 1952, Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anali atafotokoza kayendedwe ka sodiyamu ndi potaziyamu poyeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid ku Plymouth, koma khomo lenilenilo sanalione.

Chotopetsa pa ntchitoyi si masamu ayi, ndi phokoso. Tebulo limayandama pa mpweya kuti lisagwedezeke, ndipo zida zonse zimakhala m'khola la waya lotchinga magetsi a pakhoma. Wina akamenyetsa chitseko, galasi limasiyana ndi selo, ntchito ya m'mawa wonse yapita.

Si mapuloteni onse omwe amamveka chonchi. Khomo limadutsitsa tizidutswa mamiliyoni pa sekondi, pomwe pampu yotulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri imazungulira mwina ka 100 kokha. Pampu imodzi siingamveke. Zikatere timabaya malangizo opangira puloteniyo m'dzira la Xenopus laevis, chule wa m'madamu a kum'mwera kwa Africa kuno. Dziralo ndi lalikulu, lopitirira milimita imodzi, ndipo pakapita masiku ochepa limadzaza ndi mapampu ambirimbiri omwe timawayeza pamodzi ndi timapaipi tiwiri.

Wina angafunse kuti za achulezi zikumukhudza bwanji. Mu mtima muli khomo la potaziyamu lotchedwa hERG. Mankhwala akalitseka, mtima ungasokonekere kagundidwe mpaka munthu kufa mwadzidzidzi. Mankhwala a malungo a halofantrine amachita zimenezi, n'chifukwa chake madokotala anawatalikira. Masiku ano mankhwala atsopano asanayesedwe pa anthu amayamba adutsa pa kapaipi kathu, kuti tione ngati sakugwira khomo limeneli.