Wotchi yosonyeza komwe mwana ali: musanagule, ganizirani izi

Mukatsika pansi pa mgodi, foni imatsala pamwamba, ndipo shifiti yonse simungayankhe aliyense. Choncho musanagulire mwana wotchi yosonyeza komwe ali, dzifunseni kuti akadina batani lopempha thandizo, adzathamangire kumeneko ndani? Nambala yoyamba mu wotchiyo ikhale ya amayi ake, agogo kapena aneba amene mumawakhulupirira. Yanu ibwere pambuyo.

Zipangizozi zili mitundu iwiri, koma ogulitsa ena safotokoza. Timabatani tonga AirTag tilibe GPS. Timaoneka pamapu pokhapokha munthu wa foni yogwirizana nato, monga iPhone, akadutsa pafupi. Ku Johannesburg zingatheke, koma kumudzi ku Mzimba kapena ku Dedza n'kutaya ndalama. Wotchi ya GPS ndiyo imadziwa yokha malo, n'kutumiza uthenga kudzera pa simu khadi. Imafuna netiweki, mayunitsi mwezi ndi mwezi, komanso kutchaja pafupifupi tsiku lililonse. Ngati kunyumba kulibe magetsi kapena sola, idzangogona m'chikwama.

Ngati mwana ali kumudzi, muikemo simu ya komweko, ya TNM kapena Airtel. Ya Vodacom kapena MTN imadya ndalama zambiri ikadutsa malire. Funsani wogulitsa ngati wotchiyo imalola simu ya kampani iliyonse, ndipo sankhani ya 4G, poti makampani ambiri akusiya 2G. Ya kamera ndi magemu isiyeni, imatha batire msanga ndiponso imakopa akuba. Mukangogula, sinthani nambala yachinsinsi imene yabwera nayo. Mu 2017 boma la Germany linaletsa mawotchi a ana omwe munthu angamvetsere nawo zokamba za ena mobisa.

Wotchi imavulidwa, imathanso moto. Mwana aloweze pamtima nambala imodzi ya foni, ndipo adziwe kuti ku zitsime za migodi yakale ndi ku madamu a zinyalala za mgodi sikoseweretsa. Akasowa ku South Africa, musadikire maola 24: imbani 10111 nthawi yomweyo.

Ife azaumoyo chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kamakhala m'timabatani tija. Mwana wamng'ono akakameza, kangawotche kum'mero m'maola 2 okha. Musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala chimene wameza.