Mawu a mtsogolo m'malipoti a makampani: chiyembekezo chopanda lonjezo

JOHANNESBURG – Chaka ndi chaka makampani omwe masheya awo amagulitsidwa pa misika ya masheya ya Johannesburg, Lusaka, Harare ndi Blantyre amatulutsa malipoti ofotokoza momwe ntchito zawo zayendera. Mbali ya lipoti yonena za ndalama imaunikidwa ndi akatswiri ofufuza mabuku ochokera kunja kwa kampani. Koma mbali yomwe ambiri amayambira kuwerenga ndi uthenga wa wapampando ndi wa mkulu wa kampani, momwe mumakambidwa za mtsogolo, ndipo m'menemo mawu amasankhidwa mosamala zedi.

Sikawirikawiri kampani kulemba kuti "tidzachita". Imakonda kunena kuti ikuyembekeza, ikukhulupirira, ikulinga kapena ikuganizira. Mawu oterewa amalimbitsa mtima wa mwini masheya koma sayimanga kampani pa lonjezo lililonse. Zinthu zikayenda bwino, akuluakulu amati ndi zipatso za mapulani awo. Zikavuta, mlandu umagwera chilala, kugwa kwa ndalama kapena mitengo ya pa msika wa dziko lonse.

Kalembedweka kali ndi mizu yake m'malamulo. M'chaka cha 1995 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Private Securities Litigation Reform Act, lomwe limateteza kampani ku milandu ya eni masheya pa zomwe yanena za mtsogolo, malinga ngati yaonetsa poyera kuti uku ndi kulosera chabe ndipo yatchula zinthu zenizeni zomwe zingalepheretse zoloserazo. N'chifukwa chake makampani a ku South Africa omwe masheya awo amagulitsidwanso ku New York, monga Sasol ndi Gold Fields, amaika chenjezo lalitali m'malipoti awo, lomwe nthawi zambiri limakhala m'zilembo zing'onozing'ono. Ndime imeneyi ndi yomwe owerenga amailumpha, chonsecho ndi yomwe maloya a kampani amaithera nthawi.

M'chigawo cha kumwera kwa Africa nkhani za mtsogolo zinachuluka m'malipoti kutsatira ndondomeko za kayendetsedwe kabwino ka makampani zomwe komiti ya Mervyn King inayamba kutulutsa mu 1994. Ndondomeko yachitatu itatuluka mu 2009, msika wa masheya wa Johannesburg unayamba mu 2010 kufuna kuti makampani azitulutsa lipoti lophatikiza za ndalama, zachilengedwe, za anthu ndi mapulani a mtsogolo, apo ayi afotokoze chifukwa cholepherera kutero. Cholinga chinali chabwino, ngakhale masamba onena za masomphenya anakula msanga kuposa njira zotsimikizira masomphenyawo.

Nkhani ya Sasol ikuonetsa kutalikirana kwa chiyembekezo ndi zochitika. Mu 2014 kampaniyi inavomereza kumanga fakitale ya mankhwala a m'mafakitale ku Lake Charles m'dziko la America, ndipo inati ntchitoyo idzadya madola a ku America 8.9 biliyoni. Pofika mu Meyi 2019 inalengeza kuti mtengowo ufika pakati pa 12.6 ndi 12.9 biliyoni. Mu Okutobala chaka chomwecho akuluakulu awiri omwe ankaitsogolera anatula pansi maudindo awo.

Komabe vuto lalikulu limabwera pomwe za mtsogolo zalowa m'manambala enieniwo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma malamulo a kawerengedwe ka ndalama amafuna kuti kampani yolima iike mtengo pa mbewu zomwe zikadali m'munda. Pa nzimbe zosadula, kampani imayerekeza kuchuluka kwa zokolola, shuga yemwe adzatulukemo, mtengo womwe adzagulitsidwe ndi ndalama zodulira ndi kunyamulira. Chiwerengero chotulukapo chimalembedwa ngati chuma cha kampani lero, ngakhale kuti chatsamira pa mvula yomwe sinagwe ndi msika womwe sunafike. Kusintha pang'ono chabe kwa kuyerekezako kungathe kukweza phindu la chaka chonse, ndipo wowerenga wamba sangazindikire.

Izi zinaonekera ku Tongaat Hulett, kampani ya shuga ya ku KwaZulu-Natal yomwe inali ndi minda ndi mafakitale ku Triangle ndi Hippo Valley m'dziko la Zimbabwe komanso ku Xinavane ndi Mafambisse ku Mozambique. Mu 2019 kampaniyi inavomera kuti malipoti ake a m'mbuyo sanali odalirika, ndipo mu Juni malonda a masheya ake anaimitsidwa ku Johannesburg. Kafukufuku wa PwC anapeza, mwa zina, kuti mtengo wa nzimbe unakwezedwa mopyola muyeso ndiponso kuti ndalama za malonda a malo zinkalembedwa ngati zalowa nthawi yake isanakwane. Phindu la mawa linkadyedwa lero pa pepala.

Pali mawu amodzi a mtsogolo omwe akuluakulu a kampani sangawazembe. Polemba malipoti a ndalama ayenera kuunika ngati kampani ingathe kupitiriza ntchito kwa miyezi yosachepera 12, ndipo ofufuza mabuku akaona chikaiko chachikulu pa mfundoyi amachitchula m'kalata yawo. Kalatayi imakhala mkati mwa lipoti, kutali ndi zithunzi zokongola za kumayambiriro.

Okhudzidwa si olemera okha ayi. Bungwe la Public Investment Corporation, lomwe limasamala ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma la South Africa, linali ndi masheya ambiri mu Sasol ndi mu Tongaat Hulett momwe. Ndipo mu Okutobala 2022, pomwe nthambi ya Tongaat Hulett ya ku South Africa inaikidwa m'manja mwa akatswiri oti ayese kuipulumutsa ku ngongole, alimi ang'onoang'ono zikwizikwi a ku KwaZulu-Natal anatsala ndi nkhawa ya malipiro a nzimbe zomwe anali atapereka kale ku fakitale.